Tsiku Limene Ndinanenerera Sensa ya ku Chelstone

Ntchito ya madzi ndinaipeza chifukwa cha nsapato. Amalume anga a Daka, mkulu wa mpingo kwathu ku Kabwata, anabwera pa benchi yanga ya salaula, nsapato za kaunjika, m'tauni kudzafuna nsapato zopita nazo ku ukwati. Ine, mwana wa mlongo wawo weniweni, ndinawayambira pa mtengo umene ndinkayambira anthu otsika m'galimoto. Tinanenererana mpaka mthunzi unachoka pa benchi yanga n'kupita pa ya mnzanga wogulitsa malamba. Atagula, anakhala pa chitini n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Yotamu, pakamwa apa padzakupha. Setifiketi yako ya Giredi 12 ili kuti?"

Ndinawauza kuti ili pansi pa matiresi, ikupumula. Sanaseke. Anati kuli kampani ina yaing'ono imene yapatsidwa ntchito yoika makina oyeza madzi m'mapaipi a mumzinda, ndipo ikufuna munthu amene anakhoza sayansi komanso wosaopa kuyenda. Zinali zaka zija zimene aliyense anali ndi kampani, ngakhale ya m'chikwama, ndipo ife ogulitsa m'misewu tinkathamangitsidwa m'mawa n'kubwerera masana. Miyendo ndinali nayo. Sayansi ndinakhozadi, ngakhale pamsika palibe amene anandifunsapo za izo. Kumeneko dzina langa linali Lasiti, chifukwa ndinkatha kunena kuti "mtengo womaliza" kasanu pa nsapato imodzi.

Amene anandifunsa mafunso anali mayi wina wa ku Kasama, ba Chanda, katswiri wa labu, wamfupi, wolankhula ngati mawu amagulidwa pa sikelo. Atanditchulira malipiro, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati aonjezeko pang'ono poti ndine munthu wa m'tchalitchi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ba Sakala, pano si pa maliketi. Muzayamba pa Mande?"

Ndinayamba Lolemba.

Amene mumadutsa ku Woodlands kapena ku Kabulonga mwina munaonapo mabokosi achitsulo otuwa m'mbali mwa msewu, aakulu ngati firiji yaing'ono, ali ndi kasola pamwamba. Ambiri amaganiza kuti ndi a magetsi. Ndi a madzi. M'kati mwake muli kapaipi kowonda ngati chala, kamene kamaba madzi pang'ono mu paipi yaikulu ya pansi pa nthaka n'kuwadutsitsa m'kachikho kapulasitiki koonekera. M'kachikhomo mumakhala masensa atatu, ooneka ngati zolembera zonenepa. Sensa imodzi imayeza kolorini, mankhwala aja opha tizilombo m'madzi. Ina imayeza ngati madzi avunduka. Yachitatu imayeza pH, kutanthauza ngati madzi akupendekera ku asidi kapena ayi. Pamwamba pake pali kamakina kokhala ndi simu khadi, kamene mphindi khumi ndi zisanu zilizonse kamatumiza manambala ku kompyuta ya ba Chanda, Lamlungu ndi Khirisimasi yomwe. Kolorini akatsika pansi pa 0.2, kagetsi kobiriwira kamasanduka kofiira ndipo foni yawo imalira.

Koma sensa ili ngati sikelo ya pamsika, ikakhalitsa imayamba kunama, osati mwadala. Ndere zimamera, thovu la mpweya limatsakamira, kachikopa kopyapyala ka kunsonga kwake kamatopa. Ndiye pamafunika munthu woyendera mabokosiwo, ndipo munthuyo ndinali ine. Anali asanu ndi anayi, kuyambira ku Kabwata mpaka ku Avondale. Anandipatsa njinga yamoto yokalamba, ovolosi ya buluu ndi chikwama. M'chikwamamo munali mulu wa makiyi, sipanala, kamswachi kofewa, kansalu kopukutira magalasi, madzi oyera a ku labu otsukira masensa, ndi mabotolo awiri, lofiira ndi lachikasu, oongolera sensa ya pH. Munalinso chinthu chimene ba Chanda ankachisamala kuposa ine ndi njinga pamodzi: kabokosi kakuda kokhala ndi gudumu la timagalasi ta pinki, kuyambira wotumbuluka mpaka wakupsa, ndi timabotolo tiwiri, ndi mapiritsi oyera otchedwa DPD.

Kayezedwe kake n'kotere. Umatsegula kampope ka m'bokosi, madzi n'kutayika mphindi ziwiri. Umatsukuluza kabotolo katatu n'kuthira madzi mpaka pa mzere. Umaponyamo piritsi limodzi osaligwira ndi zala, umaliphwanya ndi kamtengo kapulasitiki, n'kugwedeza. Madzi akakhala ndi kolorini amasanduka pinki. Umaika kabotolo m'kabokosi kakuda, umaloza kowala, n'kuzunguliza gudumu mpaka mitundu ifanane, ndipo nambala imaoneka pa kazenera. Nambala imeneyo ndi imene umaiyerekeza ndi ya sensa. Zikasiyana pang'ono, umalowetsa nambala yako m'kamakina ndipo sensa imaongoka. Zikasiyana kwambiri, umabwereza katatu, ndipo usanakhudze batani lililonse umaimba foni.

Ba Chanda anayenda nane sabata imodzi yokha. Pa bokosi lililonse ankabwereza lamulo limodzi.

"Mukaphwanya piritsi, muli na miniti imozi. Mu miniti iyo mulibe amai anu, mulibe foni, mulibe abusa. Mwamvela?"

Ndinati ndamva. Sindinafunse chifukwa chake. Pamsika munthu wofunsa chifukwa amadziulula kuti ndi mlendo.

Ntchito yokhayo sinandivute. Chimene chinandivuta ndi zii. Ine ndinakulira pamalo pamene sumva ngakhale chifuwa chako: oitanira minibasi, mawailesi, azimayi a tomato, ndi ine pakati ndikukuwa kuposa onse. Tsopano ndinkayamba tsiku ku Woodlands, pa msewu wa mipanda yaitali yokhala ndi mawaya amagetsi pamwamba, kumene chokulonjera ndi galu amene sukumuona n'komwe. Ku Kabulonga geti limatseguka lokha, galimoto yamagalasi akuda n'kutuluka, geti n'kudzitsekanso. Ndinkakweza dzanja, n'kudziona ndekha pa galasi ndikudzipatsa moni. Mlonda wina anandifunsa tsiku lina ngati ndine wakuba. Ndinasangalala kwambiri moti ndinamufotokozera za pH mpaka analowa m'kanyumba kake n'kutseka.

Ku ofesi ndinkapita Lolemba m'mawa kukatenga mapiritsi. Masiku ena onse ndinkatumiza manambala pa foni, ba Chanda n'kuyankha ndi zilembo ziwiri, OK. Masana ndinkadyera pa simenti ya bokosi, bansi ndi madzi a pa kampope komwe ndayeza. Madzulo, ndikulowa m'kachipinda kanga ku Chilenje, nthawi zina ndinkazindikira kuti tsiku lonse ndalankhula ndi munthu mmodzi yekha, wondithirira petulo. Loweruka lina ndinapita kukaona anzanga m'tauni. Pa benchi yanga panali munthu wina, akugulitsa masokosi mopanda luso. Anzanga anandinunkhiza, anati ndikununkha ngati chipatala, ananditcha Injiniya. Kenako kasitomala anabwera ndipo onse anatembenuka. Ndinaima pamenepo ngati pholo la magetsi. Sindinabwererekonso.

Ndiye ndinayamba kulankhula ndi mabokosi. Sindichita manyazi kunena. La ku Kabwata ndinkalitcha Amalume chifukwa linkandiyang'ana mokayikira. La ku Kabulonga linali Madamu. Ndinkatsegula chitseko n'kuti, "Lelo muti chani? Ziro poyinti folo? Aa, mwadula." Silinkayankha, komanso silinkatembenukira kwa kasitomala wina.

Bokosi limodzi lokha ndi limene linali ndi munthu. Ku Chelstone, chakuseri kwa thanki, analiika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu ina ya pulayimale. Pansi pa mtengo womwewo mayi wina wa ku Katete, amake Tisa, ankaika tebulo lawo. Ankagulitsa vitumbuwa ndi mafirizesi, timadzi totsekemera tofiira ndi tachikasu toumitsa m'timapepala tapulasitiki, timene ana amaluma pakona n'kumayamwa. Ankapanga okha madzulo kunyumba kwawo, nyumba yachitatu kuchokera pa bokosi, ndi madzi a pa mpope wa pabwalo. Mpope umenewo unkamwa mu paipi yomweyo imene sensa yanga inkalondera.

Tsiku loyamba ndinafunsa mtengo wa vitumbuwa, n'kunena mwachizolowezi kuti adulitsa. Sanakwiye. Anaika manja m'chiuno.

"Imwe a ovolosi, mafuta mugula ndimwe? Ngati vadula, kadyeni sipanala yanu."

Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Tinanenererana mphindi khumi pa chakudya chimene ndikanagula osaganiza n'komwe. Kuyambira pamenepo Lachinayi, tsiku la Chelstone, linasanduka Sabata langa. Ndinakonza ulendo kuti ndizifika cha m'ma 11, ana asanatuluke, amake Tisa ali omasuka. Ankandiuza za amuna awo oyendetsa malole amene ankabwera ngati mvula ya Okutobala, za Tisa amene anali Giredi 3 pasukulu yomweyo, za azimayi a kwaya amene ankaimba pamodzi koma osalankhulana. Panalibe zachibwenzi, musaganize zambiri. Anali munthu wondiyankha, basi.

Kenako anasowa. Lachinayi lina tebulo panalibe, lotsatira panalibenso. Linali dzinja, mvula ikugwa masana alionse, ngalande zitadzaza, pa wailesi akuchenjeza za matenda otsekula m'mimba. Masabata awiri amenewo ndinalankhula ndi zitsulo zokhazokha.

Lachinayi lachitatu, cha m'ma 10, ndili ku Kabulonga, ba Chanda anatumiza uthenga wautali kuposa onse amene ananditumizirapo. Anati kolorini wa ku Chelstone wakhala akutsika kuyambira dzulo masana, tsopano ali pa 0.1 ndipo kagetsi kafiira. Ndipite ndikaone ngati vuto ndi madzi kapena sensa. Akakhala madzi, ndiwaimbire nthawi yomweyo kuti auze eni mapaipi atseke mbali imeneyo. Ndiyenera kunena kuti sensa ya ku Chelstone inali itanamapo kale kawiri, kamodzi chifukwa cha thovu, kamodzi chifukwa cha ndere. Ndinanyamuka nditaiweruza kale.

Nditakhota pa kona ndinaona tebulo lili pamalo pake, amake Tisa atawerama akuyala nsalu. Ndinadziletsa. Ndinapita molunjika ku bokosi, ndinatsegula kampope, ndinatsukuluza katatu, ndinathira mpaka pa mzere, ndinaphwanya piritsi. Madzi anangochita ngati akufuna kusintha mtundu koma akukayika. Pomwepo mawu anabwera kumbuyo kwanga.

"Ba Sakala! Mukali moyo? Bwelani mutenge nshawa zanu, ndachoka nazo ku Katete!"

Ndinaika kabotolo pamwamba pa bokosi, padzuwa, n'kudziuza kuti ndingopereka moni.

Anali ku maliro a apongozi awo. Maliro a ku Katete safotokozedwa mu mphindi imodzi. Panali za mlamu amene analira kuposa ana a malemu chifukwa ankafuna ngolo, za mbuzi imene inadula chingwe pakati pa ulaliki, za basi imene inafera ku Luangwa. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinatafuna nshawa zija, mtedza wa ku Katete. Anandipatsa firizesi imodzi yofiira ya mbasela ndipo ndinaiyamwa ngati mwana wa Giredi 1. Pamene ndinakumbukira kabotolo kaja panali patapita mphindi makumi awiri, mwina kuposa.

Kanali ka pinki wokongola. Gudumu linati 0.5. Sensa inali ikadali pa 0.1.

Lamulo ndinkalidziwa, ndipo mapiritsi anali odzaza m'chikwama. Koma mitambo inali itayamba kuda cha ku Avondale, mabokosi atatu ankandidikira, ndipo nkhani ya mlamu wa ngolo inali isanathe. Ndiye mutu wanga unachita zimene unazolowera zaka zonse. Wogulitsa akuti 0.5, wogula akuti 0.1. Onse awiri akunama pang'ono. Kabotolo kakhalitsa, tichotseko. Sensa ndi yabodza kale, tionjezeko. Tikumane pakati. Ndinalowetsa 0.3. Kagetsi kanasanduka kobiriwira. Ndinasisita bokosi n'kuliuza kuti, "Iyi ni lasiti, osauzako ena." Ndinalembera ba Chanda kuti inali sensa, ndakonza. Ndinabwerera pa tebulo kukamva mmene ngolo inathera. Belu la sukulu likulira, ana akuthamangira kwa amake Tisa, ine ndinali kuliza njinga, ndikudzimva kuti ndine munthu wodziwa ntchito.

Cha m'ma 1 koloko, ndili ku Avondale, foni inalira. Anali ba Chanda, amene nthawi zonse sankaimba foni.

"Ba Sakala, bwanji. Ni chani mwachita ku Chelstone?"

"Nakonza, madamu. Inali kunama monga kale."

"Piritsi inati bwanji?"

"Ziro poyinti faifi."

"Manje chifukwa chani pa kompyuta naona ziro poyinti fili?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati pinki uja sanali pinki weniweni, kuwala kunali kwa mitambo, munthu amayenera kuganizira mbali zonse ziwiri. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikugulitsa nsapato yobooka. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Munabweleza kangati?"

"Sininabweleze."

"Munaona nambala pa miniti imozi?"

Madontho oyamba a mvula ankagogoda pa chitsulo cha bokosi. Ndinayankha kuti panapita mphindi makumi awiri, ndinali kukamba ndi munthu.

"Mvelani. Vonyansa vikalowa mu paipi, kolorini amenyana navo, agwiliwa. Uyo wogwiliwa sateteza munthu. Koma mukasiya botolo, abwela pang'ono pang'ono kuzapenta pinki. Mwawelenga mitembo, ba Sakala, mwaiyesa masoja. Na sensa ina ija ikuonetsa kuti manzi yavunduka, munaiona?"

Sindinaiyang'ane n'komwe.

"Bwelelani manje."

Ndinafika ku Chelstone nditanyowa mpaka m'masokosi. Ndinayeza katatu, maso pa wotchi. Katatu konse madzi anangoti mbuu, pinki wake wofunika kumufunafuna. Sensa sinaname. Ndinabwezera nambala yake ndipo kagetsi kanafiiranso. Ba Chanda anati auza kale eni mapaipi, akubwera kudzatseka. Ine ndiyende nyumba ndi nyumba, aliyense awiritse madzi, ndiyambe ndi sukulu.

Ba Chanda sankadziwa za tebulo la mafirizesi. Amake Tisa anali atakokera katundu wawo pafupi ndi tsinde la mango, atafunda pepala lapulasitiki. Pansi panali mabokosi awo awiri oziziritsira. Lina linali lodzaza, likudikira ana a masana. Lina linali lotsegula, lopanda kanthu.

"Amake Tisa, mafirizesi aya munapanga liti?"

"Dzulo madzulo. Mufuna ina? Mbasela ni imozi chabe, bambo."

"Na manzi a pa pompi?"

"Nanga a kuti? A ku Luangwa?"

Ndinawauza kuti madzi a mu paipi ali ndi vuto kuyambira dzulo masana, mankhwala atheramo, mwina zonyansa zalowa. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Anayang'ana bokosi lopanda kanthu lija.

"Ana atenga onse aya pa twelufu. Tisa adya awiri." Anatsitsa mawu. "Imwe munafika nthawi yanji pano?"

"Ileveni."

"Ndiye pamene munali kutafuna nshawa zanga, munali kudziwa?"

"Sindinadziwe."

"Nanga makina anu?"

"Anadziwa."

"Ndiye munatani?"

Pamsika funso lotere lili ndi mayankho khumi, ndipo onse ndinali nawo pa lilime. Makina anachedwa. A ku ofesi sanandiuze bwino. Zinthu zimenezi n'zovuta kumvetsa, mayi. Akanakhulupirira lililonse, chifukwa ndinali nditavala ovolosi.

"Ndinawatsutsa. Ndinasintha nambala."

Anatenga sizasi imene ankadulira mapepala, anagwada m'mbali mwa ngalande, n'kuyamba kudula mafirizesi a m'bokosi lodzaza lija imodzi imodzi. Madzi a mvula ankayenda ofiira, kenako achikasu, kenako ofiiranso. Nditawerama kuti ndithandize, anakankha bokosi ndi phazi kulisendezera kumbali kwawo.

Ndinapita kwa ahedi a sukulu, ndinawauza za mpope ndi za mafirizesi. Kenako ndinalowa m'misewu. Kugogoda geti lililonse kunkachedwetsa, ndiye mawu anga a pamsika, amene anagona miyezi yonse ija, anadzuka okha. "Wilitsani manzi! Osamwa ya pa pompi! Amai, wilitsani manzi!" Mazenera anatseguka, azimayi anatuluka atafunda zitenje kumutu, ena ankandifunsa mafunso, ena ankanditukwana ngati paipi ndinaiboola ndine. Kuyambira pamene ndinachoka pa benchi, aka kanali koyamba kuti msewu wonse undimvetsere. Sindinamve kukoma kulikonse.

Dzuwa lisanalowe eni mapaipi anapeza pobooka. Munthu wina, pokumba maziko a mpanda, anagamula paipi ndi piki, anamangapo mphira wa tayala n'kukwirira. Pambali pake ngalande ya zimbudzi inali itatsekeka n'kusefukira ndi mvula. Madzi akachepa mphamvu mu paipi, paipiyo inkayamwa za panjazo. Anakonza, anatsuka mapaipi masiku awiri. Madzi amene ndinatengera ku labu tsiku limenelo anapezeka ndi tizilombo ta m'chimbudzi.

Tisa anadwala Loweruka. Ndinamva kwa mayi wina woyandikana nawo nyumba kuti anagona ku kiliniki masiku awiri ali pa diripu, ndi ana ena angapo a m'dera lomwelo. Onse anachira. Ine amene ndinayamwa firizesi yathunthu sindinamve kanthu. Mimba ya pamsika ilibe manyazi.

Lolemba ba Chanda anandipatsa pepala kuti ndilembe lipoti. Ndinalemba kuti panali kusiyana kwa manambala. Anawerenga n'kundibwezera. Ndinalemba kuti panali kuchedwa pang'ono powerenga. Anandibwezeranso. Kachitatu ndinalemba za mtedza, za ngolo, ndi za 0.3. Anasaina. Ndisanatuluke ndinayesa kunenerera komaliza.

"Madamu, ana aja anamwanso manzi ku nyumba kuyambila pa Wenizide. Mwina si mafirizesi."

"Mwina."

"Ndiye tinganene kuti..."

"Siniziba, ba Sakala. Na imwe simuzaziba. Nyamulani chabe."

Sanandichotse ntchito. Anasintha nambala yachinsinsi yotsegulira kamakina, ndipo kwa miyezi itatu sindinkaongola sensa iliyonse popanda kuwaimbira kaye. Amalume a Daka atamva anangoti, "Ndinanena." Amake Tisa anasamutsa tebulo lawo kupita tsidya la msewu, pa geti la sukulu. Mafirizesi anasiya kwa nthawi, atayambanso ndinamva kuti ankawiritsa madzi. Ndinkakweza dzanja ndikafika, iwo n'kupeza chochita ndi nsalu ya pa tebulo. Lachinayi linafanana ndi Lachiwiri. Ngakhale bokosi la ku Chelstone ndinasiya kulankhula nalo. Ndinkalichitira manyazi, chifukwa linanena zoona ine n'kulitseka pakamwa.

Mvula inatha, kunabwera kuzizira kwa Juni ndi fumbi lake. Lachinayi lina ndinali nditagwada pa bokosi lomwelo, nditangophwanya piritsi, pamene ndinamva mapazi kumbuyo kwanga.

"Ba Sakala."

Mawu amenewo, a amake Tisa, ndinawadikira miyezi isanu. Khosi linafuna kutembenuka lokha. Ndinagwedeza kabotolo, maso pa wotchi.

"Ba Sakala, simumva?"

Ndinaika kabotolo m'kabokosi kakuda, ndinaloza kowala, ndinazunguliza gudumu. Ndinapitirira mtundu wake n'kubwerera. Linati 0.4. Sensa inati 0.4. Ndinalemba. Kenako ndinatembenuka pang'onopang'ono, ndikuyembekeza kuona msana wawo ukuwoloka msewu.

Anali ataima pomwepo, mbale ya vitumbuwa ili m'manja.

"Mwasiliza?"

"Ndasiliza."

"Ati bwanji manzi?"

"Ali bwino."

"Mukanacheuka, ndikanabwelela navo."

Ananditchulira mtengo. Pakamwa panga panatseguka, ndinapatseka, ndinapereka monga ananenera. Anawoloka msewu. Tebulo silinabwererenso pansi pa mango, koma kuyambira tsiku limenelo ndikakweza dzanja, nawonso ankakweza.

Ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri tsopano, ndipo atsopano akabwera ndine ndimayenda nawo sabata yoyamba. Kunenerera sindinasiye. Ndimanenerera tomato, ndimanenerera minibasi, ndinanenerera ngakhale bokosi la maliro a amalume a Daka mpaka mmisiri anandifunsa ngati malemuwo ankandizunza. Pamsika kukumana pakati n'kwabwino, chifukwa mtengo weniweni wa nsapato yakale palibe amene amaudziwa. Madzi ali ndi nambala yake imodzi, ndipo manambala awiri akasiyana, yoona siikhala pakati pawo. Umaphwanya piritsi lina. Atsopanowo ndimawauza lamulo la ba Chanda, ndipo ndimawauzanso chifukwa chake ngakhale asanafunse, kuyambira pa mtedza mpaka pa diripu.

Tsono mukadzandipeza m'mbali mwa msewu nditagwada pa bokosi lotuwa, mwandipatsa moni koma sindikuyankha, musaganize kuti ndi matama a ovolosi. Musapite. Dikirani mphindi imodzi. Ndili ndi zambiri zoti ndikuuzeni.